Chitseko Chimene Melina Anakana Kutsekula

Tsiku limene Melina anakwirira anapiye kachitatu kuseri kwa nyumba m'dera la Kambuzuma, mumzinda wina kunja kwa Malawi, ana anasiya kusewera n'kuima patali. Palibe anamupatsa moni. Inu amene mwatopa ndi kuyesa, imvani za mayi ameneyu.

Melina anali wamasiye, ndipo ankachita lendi chipinda chimodzi kwa Gogo Eneles. Mwamuna wake Yosiya, amene ankagwira ntchito ku mafakitale a ku Willowvale, anamusiyira makina ofungatira mazira amene anapanga yekha pogwiritsa ntchito firiji yakale. Anaikamo mababu, kafani, batire la sola, mbale ya madzi pansi ndi kagalasi pachitseko. Anamwalira asanawayese.

Mazira amasukusa kulikonse, ndipo zimenezo siziopsa munthu. Koma mazira a Melina ankafika tsiku loswa ali moyo. Masana a chilimwe, msewu uli zii, m'chipindamo munkamveka kulira kwa anapiye osaoneka. Timilomo tinkaboola zigoba. Kenako mawu aja ankazima limodzi limodzi, kutsala kafani kokha. Melina akaswa dzira, ankapeza mwanapiye wathunthu, wa nthenga ndi zikhadabo, atakulungidwa m'kachikopa koyera ngati mtembo wokonzedwa kale.

Ulendo woyamba Melina ankatsekulatsekula chitseko chifukwa cha chimwemwe. Anapiye atafa onse, anthu anayamba kunong'ona kuti Yosiya akutenga nkhuku zake. Ulendo wachiwiri anaitana amayi a mapemphero, otsogozedwa ndi Mayi Lidia. Iwo anatsekula makinawo, naika manja pa mazira, napemphera ndi mtima wonse. Ulendo wachitatu anasala kudya, ndipo pemphero linatalika, chitseko chili pululu.

Melina atachoka kokwirira anapiye kuja, Gogo Eneles anamuimitsa pakhomo.

"Mwanangu, sindikudana nawe, koma maroja anga, alendi anzakowa, akuti asamuka. Anapiye akafanso, unyamule bokosi lako lamaliroli, ufune kwina."

Kwinako kunalibe. Melina anabadwira pa komboni ya famu imene makolo ake ankagwirako ntchito, ndipo komboniyo inatha kale. Ku Malawi, kwawo kwa makolo akewo, ankangokumva m'nkhani za bambo ake.

Madzulowo, pochapa makina, anapeza dzira limodzi lotsalira pakona. Analisenda pang'onopang'ono. Kachikopa kanali kouma ngati pepala, katamatirira pa phiko ndi pamutu. Koma manja ake anali onyowa, ndipo pamene chala chinakhudza, kachikopako kanafewa n'kumasuka kokha.

Anakhala pansi, dziralo lili m'manja. Anakumbukira kuti kagalasi kaja kankachita thukuta chitseko chikakhala chotseka, koma akangotsekula kankauma nthawi yomweyo. Anakumbukiranso nkhuku za amayi ake ku famu. Mazira akayandikira kuswa, thadzi silinkadzuka, ngakhale ulimwazire chimanga pamphuno.

"Si Yosiya," anatero yekha. "Ndi mphepo."

Anachapa zovala za anthu ndi kugulitsa tomato pamsewu mpaka anagula mazira ena. Masiku omaliza atayandikira, anadzaza mbale ija ndi madzi ofunda, naikamo kansalu kuti chinyezi chichuluke. Kenako anatseka chitseko n'kuchimanga ndi lamba wa malemu.

Tsiku loswa, kulira kunayamba dzuwa lili pamutu. Mayi Lidia anafika ndi anzawo, Gogo Eneles ali pambuyo. Anapeza Melina atakhala pansi, msana atatsamira chitseko.

"Mai Yosiya, tsekulani tiike manja," anatero Mayi Lidia. "Simukumva akuitana?"

"Ndikumva, mayi. Pempherani pomwepo."

"Maiwe! Mwamanga ndi lamba wa munthu wakufa? Ndiye mwam'patsa nokha makiyi!"

"Mulungu amene amaona m'chigoba sangalephere kuona m'firiji. Lero sinditsekula."

Amayiwo anayang'anana. Anagwada, koma pemphero silinayende bwino, pakuti aliyense ankatchera khutu. Kulira kunakwera, kenako kunayamba kuchepa monga kale. Mawu atatu, awiri, amodzi. Kenako kafani kokha.

Melina anamva dzanja lake likukwera lokha kufuna lamba. Analigwira ndi linzake, nalipanikiza pakati pa mawondo. Kagalasi kanali kataphimbidwa ndi nthunzi, moti m'kati simunkaoneka kanthu.

"Yamba kulongedza, mwanangu," Gogo Eneles ananena motsitsa mawu.

Pamenepo kunamveka kugogoda. Kunali kochokera m'kati, kuseri kwa msana wa Melina. Mayi mmodzi anathawira panja, kusiya patapata. Kugogoda kunabwereranso. Pa galasi lanthunzi lija panakhudza kanthu konyowa, kakuda, n'kusiya mzere woyera. Mumzeremo munaoneka diso.

Diso lija linaphethira.

"Ali moyo!" anafuula Mayi Lidia. "Tsekulani tsopano!"

"Ayi, mayi. Anzake akadali m'njira."

Sanatsekule mpaka mawa lake, anapiye atauma. Si onse anaswa, koma ambiri anatuluka akudzandira pa zigoba zawo. Gogo Eneles anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Khala, mwanangu. Koma tambala woyamba ndi wanga."

Lero Melina adakali pakhomo pomwepo, ndipo ali ndi makina atatu. Anthu a ku Southerton ndi madera ena amakwera maminibasi a kombi kudzamupatsa mazira kuti awaswetsere. Amayi aja amabwerabe kudzapemphera, ndipo amene amakalipira aliyense wokhudza chitseko ndi Mayi Lidia.

Okondedwa awerengi, mwina inunso mwakwirira ntchito ya manja anu kangapo, ndipo anthu akupatsani kale dzina. Musafulumire kuvomera kuti ndinu watsoka. Tolani dzira lotsalira lija, mulisende, muone chimene chinalakwika, muyesenso. Ndipo zikadzati zii pa nthawi imene mumayembekezera chisangalalo, gwirani dzanja lanu. Osataya mtima, pakuti m'katimo mwina wina akupuma kuti agogode.