Koloboyi Wanga ku Koleji

Chaka chimene mwana wathu woyamba ankamera mano tinkakhala ku Chigumula, m'nyumba ya lendi yopanda magetsi. Amuna anga ankagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Limbe, koma Loweruka lililonse ankakwera minibasi kupita ku koleji ya zaubusa m'tauni. Maphunziro ena onse ankakhoza. Limodzi lokha ndi limene linawakanika, la zolemba zakale za Ayuda, mmene arabi, aphunzitsi awo achipembedzo, ankatsutsana za kasungidwe ka malamulo pakhomo. Anali atalephera kale kamodzi. Akanalepheranso, sukulu ikanathera pomwepo.

Funso limene anawapatsa linali la nyali ya Sabata. Ayuda ankayatsa nyali Lachisanu dzuwa lisanalowe, chifukwa Sabata likayamba sankaloledwa kuyatsa moto kapena kuusonkhezera. Tsono arabi aja anatchula zinthu zosayenera kupangira chingwe cha nyaliyo, ndi mafuta osayenera kuthiramo: ndere za pamadzi, makungwa a mtengo wina, phula, mafuta a nsatsi, ngakhale mafuta a kumchira wa nkhosa. Ankaletseranji?

Amuna anga analemba mapepala asanu. Ndere akuti ndi tchimo loterera, nsatsi ndi mtima wowawa. Aphunzitsi awo, bambo wachikulire wowerenga Chiheberi ngati nyuzipepala, anabweza mapepalawo atalemba ndi bolopeni yofiira kuti, "Mwalalikira bwino, koma simunayankhe." Anawapatsa sabata imodzi kuti alembenso.

Lamlungu masana, titachokera kutchalitchi, ine ndinkachapa matewera pakhonde, iwo ali pamkeka, buku pamiyendo, akungodzikanda m'mutu.

"Tandiwerengerani m'Chichewa, bambo a mwana," ndinatero.

Anawerenga monyinyirika. Atafika pa nsatsi ndinaseka mpaka mwana anadzidzimuka kumsana.

"Anthu amenewo nyali inawavutapo. Palibe ulaliki apo."

"Amayi inu, izi ndi za kukoleji, si za koloboyi."

"Nanga nyali yawoyo inali ya magetsi?"

Ndinapukuta manja n'kulowa m'nyumba. Tinali ndi makoloboyi awiri, tizitini tija ta palafini tokhala ndi chingwe pakamwa. Mmodzi ndinamusiya mmene analili, chingwe cha thonje chimene ndinadula ku mopu. Winayo ndinamuika kansanza ka nayiloni, n'kuthiramo dizilo amene aneba athu, adalaivala a lole, anatigawira palafini atasowa. Ndinatseka zenera ndi chitenje, ndinayatsa onse awiri, n'kuitana amuna anga.

"Khalani apa, manja pamawondo. Kuyambira pano ndinu Myuda, ndipo lero ndi Sabata lanu. Musakhudze kanthu."

"Mukanakhala Myuda inuyo, ndi matewera mukuchapa lerowa, bwenzi atakuthamangitsani m'mudzi."

"Werengani buku lanulo basi."

Koloboyi wa thonje ndinamuzimitsa atayaka bwinobwino kanthawi, kuti aone kusiyana. Winayo anayamba zake: kuthetheka, kufuka mwaye, lawi kuchepa ngati likufa kenako n'kudzuka. Amuna anga anasendeza buku pafupi. Anatsinzina. Mzere umodzi usanathe, dzanja linachoka lokha pabondo n'kukapendeketsa chitini kuti mafuta akwere.

"Mwaswa Sabata, abusa!"

Anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, misozi mbwembwembwe, mphuno zili bii ndi mwaye. Anatsegula buku lina, la arabi a m'mbuyo mwake, pamalo amene anali atawerengapo kangapo osamva. Zinalimo. Chingwe choipa ndi mafuta osakwera bwino zimam'chititsa munthu kukonza nyali osaganiza, ndipo kukonza nyali ndiko kusonkhezera moto.

"Ndiye kuti ankangoteteza dzanja la munthu," anatero.

"Komanso mayi woyatsayo. Ikavuta nyali, onse amayang'ana iyeyo."

Mawu amenewo anawalemba mmene ndinanenera. Sabata yonseyo akaweruka ankandifunsa zina: chingwe chatsopano uyambe wachiwaula kaye kapena ayi, nanga bwanji cha nsalu yakale chimayaka msanga. Ine wa sitandade seveni, kufunsidwa za Ayuda ndikusenda mbatata!

Loweruka ananyamula mapepala atatu okha, ndi koloboyi woipa uja m'jumbo. Ndinawauza kuti akamugwire choimika m'minibasi, angathire anthu dizilo.

Anabwera dzuwa likadalipo. Ndinawamva ali patali, m'kanjira ka m'chimanga, akukuwa kuti, "Amayi a mwana, takhoza!" Akuti anayatsa koloboyi m'kalasi n'kuuza onse kuti asamukhudze, ndipo woyamba kutambasula dzanja anali aphunzitsi omwewo.

"Nanga koloboyi wanga ali kuti?"

"Akana kubweza. Akuti ndi wa koleji tsopano, aphunzitsire a chaka chamawa. Afunsanso ngati mungawapotere zingwe ziwiri za nayiloni, zoipitsitsa."