Matiresi a Mayi Busa Anatsala pa Doko

Mayi Magdalene Kumwembe ali ndi zaka 69, ndi amasiye, ndipo anapuma pa ntchito mu 2015. Zaka makumi awiri ndi zitatu ananyamula nkhalamba za eni ku nyumba yosamalira okalamba ku South Bend, kuzisambitsa ndi kuzitembenuza pa bedi. Amuna awo, a Sosten, anamwalira atangogula RV, chigalimoto chachitali ngati basi, chokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati. Sanayendemo ngakhale ulendo umodzi.

Mwana wawo Mervin, wa ku Beech Grove ku Indianapolis, anali atakonza kale chipinda chapansi pa nyumba yake. "Mami, gulitsani chinthuchi, mubwere muzikhala ndi zidzukulu. Simungachikwanitse."

"Ndatembenuzapo anthu olemera kuposa iwe," anatero mayiwo. "Chiwongolero n'chiyani?"

Anapangana zoyesa ulendo umodzi, kuwoloka nyanja ya Michigan pa sitima kupita ku Wisconsin. Akangoimba foni kupempha thandizo, RV igulitsidwa, iwo asamukira kwa Mervin.

Mwezi wathunthu anaphunzira kukhota ndi kubwerera m'mbuyo pa bwalo la tchalitchi. Anabukitsa malo pa sitima. Kutalika ndi msinkhu wa galimoto anaziwerenga m'buku limene a Sosten anasiya. Analakwa chimodzi chokha: anatsanzika ku tchalitchi pa Sabata.

Munthu wa kwathu akamva kuti uli pa ulendo saona iwe, amaona galimoto. Pofika Lachinayi panali masutikesi atatu a mwana wa uje wa ku yunivesite ku Madison, ku Wisconsin komweko, thumba la ufa, katoni ya usipa, njinga, ndi matiresi a mayi busa opita kwa mng'ono wawo. Ukakana katundu wa mnzako, dzina lako laipa. Abambo a kwaya anamangirira zonse padenga ndi zingwe, ngati pa minibasi.

M'mawa pa doko, wantchito wa sitima anabwera ndi ndodo yoyezera. Anaiimika pambali pa RV, napukusa mutu. Msinkhu umene Mayi Kumwembe analembetsa unali wa galimoto yopanda kanthu padenga. Ndi katunduyo sikanalowa pa khomo la sitima. Anawapatsa mphindi makumi awiri, apo ayi malo apita kwa ena.

Mayi Vainess, mnzawo wa ku ntchito amene anatsagana nawo, anali atatulutsa kale foni. "Asisi, tingomuimbira Mervin awalankhule, mwina atimvera chisoni."

"Bwezani foniyo m'chikwama, a Vainess. Mukufuna ndikafere kunsi kwa nyumba ndikuonera makatuni?"

"Nanga akwere ndani? Inu? Ndi mawondo amenewo?"

"Mawondowa ndi anga. Inu muzilandira."

Mayi Kumwembe anamanga chitenje pamwamba pa buluku, anavula nsapato, nakwera makwerero a kumbuyo. Anthu a m'magalimoto ena anatsitsa magalasi kuti aone bwino. Mfundo za abambo a kwaya zinakana kumasuka, mayiwo anazidula ndi mpeni wa kukhitchini. Masutikesi anapita pa bedi, ufa m'bafa, njinga pakati pa mipando. Katoni ya usipa inawapulumuka a Vainess n'kung'ambika, mbalame za pa nyanja zinachita phwando.

Anatsala matiresi. Pa chitseko cha RV sanalowe, chogoneka kapena choimika. Mphindi zinatsala zinayi.

"Matiresi a mayi busa, asisi! Tikaonekera bwanji pa Sabata?"

Mayi Kumwembe anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndanyamula za eni zaka makumi awiri ndi zitatu. Awa okha ayi."

Anawakokera ku mpanda, nauza wantchito uja kuti amene akuwafuna atenge. Iye anayezanso RV, nagwedeza mutu movomereza. Mayiwo anatseka gasi wophikira monga anawauzira, RV inalowa m'sitima, chitseko chachitsulo chinatsekeka kumbuyo kwake.

Atafika tsidya linalo anatumizira Mervin chithunzi chimodzi: iwo pa chiwongolero, nyanja ili kumbuyo. Sanalembepo mawu.

Papita zaka ziwiri. Mayi busa amawapatsa moni wa pakamwa pokha. Mayi Kumwembe satsanzikanso ku tchalitchi, anthu amangomva kuti ananyamuka. M'chipinda chija kwa Mervin muli makatoni ndi njinga za ana. RV ili pa khomo pawo ku South Bend, padenga palibe kanthu.