Msuzi Pachikhatho cha Agogo

Fungo la tsabola wa kambuzi akamapsa pamakala limandinyamula n'kukanditula pakhonde la nyumba yathu ku Bangwe, masana a nyengo yozizira, nkhungu ikutsika m'phiri pang'onopang'ono, chiperoni chikuwaza pamalata mopanda phokoso, mawu a makondakitala akumveka chapansipansi kuchokera ku siteji, ndipo agogo anga aamuna ali pampando wawo wansungwi, afunda bulangete mpaka m'khosi, maso atseka, mphuno yokha ndiyo ili pantchito.

Agogowo anali bambo awo a amayi anga. Anagwira ukhukhi kubanja lina la amwenye ku Limbe kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitati mbuu, moti ngakhale atapuma, malaya awo ankamvekabe adyo ndi jinja. Tsiku lina anagwa akusamba. Anabwerako kuchipatala dzanja lamanzere litafa, likungolendewera, ndiponso atapatsidwa lamulo loti, poti magazi awo akuthamanga kwambiri, asiye mchere.

Amayi, chifukwa cha mantha, analikulitsa lamulolo. Asananyamuke kupita kukagulitsa kaunjika, ankawaphikira agogo padera, osathira mchere, osathira tsabola, ngakhale anyezi ankamukayikira. Agogo ankavundukula mbale, kuyang'ana, n'kuvundikiranso mwaulemu.

“Madzi otsukira mbale awa, ndinkataya ine kuseri kwa khitchini,” ankatero.

Anayamba kutha. Thalauza linkawavuka, masaya analowa, ndipo nthabwala zawo zinayamba kusowa. Ndinali mu Sitandade 5, koma ndinkaona bwinobwino kuti agogo atisiya, ndipo chowapha sichikhala matendawo koma njala, chakudya chili pamaso pawo. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo ndinalibe womuuza.

Masiku amenewo manudozi anali atangotchuka kusukulu kwathu. Sitinkaphika n'komwe. Tinkawaphwanyira m'pepala lake momwemo, kuthiramo kaufa ka m'kapaketi kakang'ono kamene kamakhala m'kati, kukhutchumula, n'kumakukuta. Tsiku lina ndinafika nawo pakhonde ndili gwegwede gwegwede.

“Mkazi wanga,” anandiitana agogo, monga ankachitira pondiseka, “ukukukuta chiyani osampatsako mwamuna wako?”

“Ndi manudozi, agogo. Za masiku ano izi, inu simungazitolere.”

“Bwera nazo kuno.”

Anatembenuza pepala lija, kuyang'ana chithunzi cha nkhuku yonenepa chimene chinali pamwamba, kenako ananunkhiza kaufa kotsalira m'kapaketi. Anakhwinya nkhope.

“Nkhukuyi inangodutsa panja pa fakitale, sinalowe. Uwu ndi mchere wokhawokha wavala suti.” Anafinya kachidutswa ka nudozi ndi zala, ndipo ndinaona kanthu kakuwala m'maso mwawo kamene ndinali ndisanakaone chibwerere kuchipatala. “Mawa ubwere ndi osaphwanya. Ndipo usatsegule kapaketiko.”

Mawa lake anandiyatsitsa mbaula pafupi ndi mpando wawo. Iwo sanagwire kanthu, manja anali anga. Manudozi ndinawawiritsa pang'ono n'kutaya madzi oyambawo, chifukwa agogo anati mafuta a kufakitale apite nawo. Kambuzi mmodzi ndinamuika pakhala mpaka khungu linatuwa n'kuphulika, utsi wake n'kutitsokomoletsa tonse awiri, ine misozi ili chuchuchu, iwo akuseka. Ndinamusinja mu kamtondo pamodzi ndi adyo, jinja ndi bonya wokazinga wopanda mafuta, mpaka zonse zinasanduka phala lonunkhira. Mu sefuliya munalowa anyezi ndi matimati, kenako phala lija, kenako bonongwe amene ndinathyola kuseri kwa bafa, ndipo agogo ankadziwa nthawi yothira chilichonse osasuzumira n'komwe.

“Anyezi wayamba kulankhula, thira matimati,” ankatero maso ali chitsekere. “Ndimu pomaliza, moto utachoka. Lilime likapeza kuwawasa ndi kuyabwa, limaiwala kufunsa za mchere.”

Zitapsa, ndinatunga msuzi ndi supuni kuti ndiwalawitse. Anapukusa mutu.

“Khukhi salawira pasupuni. Lamanja ndi la mthiko, lamanzere ndi lolawira. Dontheza apa.”

Analoza ndi chibwano dzanja lakufa lija, lili gone pabulangete. Ndinazengereza, chifukwa dzanja limenelo ndinkaliopa. Linali lozizira, lolemera kuposa mmene linkaonekera, zala zitapindikira m'kati. Ndinazitambasula chimodzichimodzi, ndinadontheza msuzi pakati pa chikhatho, ndipo ndinalinyamula ndi manja anga onse awiri kulifikitsa pakamwa pawo. Ananyambita pang'onopang'ono, nkhungu ikudutsa pakati pa nyumba yathu ndi ya aneba.

“Wonjezera ndimu,” anatero potsiriza.

Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse, thukuta lili kamukamu pamphumi kunja kukuzizira chonchija, mpaka anapempha zotsalira mu sefuliya.

Amayi atafika madzulo, fungo linawalandirira pamsewu. Anatula chikwama chawo n'kundiyang'ana ndi diso limene ndinkalidziwa bwino.

“Iwe Tadala, wawapatsa chiyani agogo ako? Ukufuna undiphere bambo anga ndi zakudya za m'mapepala?”

Ndisanatsegule pakamwa, agogo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapaketi kaja, kali kosatsegula.

“Mwanayo musiye. Mchere wake ndi uwu, sunalowe m'poto. Adokotala anati ndisiye mchere, mwana wanga, sanati ndisiye kudya.”

Amayi anayang'ana kapaketiko, anayang'ana mbale ili mbee, ndipo analowa m'nyumba mofulumira. Ndinawamva akufwenthera kuchipinda. Sanagonje tsiku lomwelo ayi. Anadikira mpaka tsiku la sikelo ya agogo, n'kukafunsa anamwino, omwe anati tsabola alibe mlandu, koma manudoziwo asakhale a tsiku ndi tsiku. Kuyambira pamenepo amayi omwewo ndi amene anasanduka mlenje. Ankazungulira mashopu a ku Limbe, kutembenuza mapepala, kufunsa ogulitsa ngati alipo osakazingidwa m'mafuta, mpaka ena ankawayesa oyendera malonda ochokera kuboma. Zimene tinaphunzira pa manudozi zinalowanso m'nyemba, mu nkhwani ndi m'mbatata, ndipo thalauza la agogo linasiya kuvuka.

Timapaketi tija agogo sankalola kuti titaye poti ana a aneba angatole. Ankatiponya m'chitini chakale cha mkaka pawindo, ndipo chikadzaza ankachigwedeza n'kunena kuti, “Tamvera masiku anga amene ndapulumutsa.”

Koma tsiku limene limandibwerera kawirikawiri, ngakhale kutulo, ndi lina. Kunali dzuwa lofooka, zovala zikuuluka pachingwe, wailesi ya aneba ikuimba nyimbo ya kwaya. Ndinali ndi changu chofuna kukasewera fulaye, choncho ndinatunga msuzi uli gadugadu, osauuzira, n'kudontheza pachikhatho chija monga mwa masiku onse. Chala chapakati chinagwedera.

“Iwe! Ukufuna kundiwotcha?” anakuwa agogo.

Kenako tonse tinayang'ana dzanjalo. Kadontho kofiira kanali pakati pa chikhatho, kakutuluka nthunzi.

“Mwamva, agogo?” ndinafunsa monong'ona.

“Ndamva, mkazi wanga,” anayankha. “Donthezanso.”

Sindinama kuti dzanjalo linachira. Silinagwirenso kanthu, ndipo mpaka tsiku lomaliza linkafuna wolinyamula. Koma agogo anakhala nafe zaka zina zingapo, anandiona nditavala yunifolomu ya kusekondale, ndipo anamwalira ali munthu wokhuta, wodandaula za kuchepa kwa ndimu mpaka sabata yawo yomaliza.

Lero ndili ndi khitchini yangayanga ku Machinjiri, ndi mwana wamkazi amene amalirira manudozi ngati mmene ndinkachitira ine. Ndimamuphikira, kapaketi n'kukaponya m'chitini pawindo, iye n'kumadandaula kuti anzake amadya ndi kaufa komwe. Kambuzi akaphulika pamoto timatsokomola tonse awiri. Ndikadontheza msuzi pachikhatho changa chamanzere, ndimapezeka ndaima kaye, osanyambita, ndikumvetsera kutentha kwake. Tsiku lina mwanayo anandifunsa kuti ndimadikira chiyani. Kenako, poganiza kuti ndatopa, anagwira dzanja langa ndi timanja take tonse tiwiri n'kulifikitsa pakamwa panga.