Kanyale Kofiira ndi Maliro a Zuze

Ndinadzuka kusanache, msana utauma ndi kuzizira. Tinagona panja pa nyumba ya mng'ono wanga Zuze ku Chirimba, amuna asanu ndi awiri okha, titazungulira chitsa chomwe chinazima tili m'tulo. Unali mwezi wa June ndipo chiperoni chinali chikuwaza. M'nyumba munalibe nyimbo. Akwaya a kumpingo anatumiza mawu kuti ambiri a iwo ali ndi chimfine.

Bokosi linabwera dzulo lake litakhomedwa kale. Analibweretsa amuna awiri ovala majekete aatali, omwe sanatchule mayina awo. Anati tisalitsegule, tisapite nalo kwathu ku Nsanje, ndipo likhale litalowa pansi dzuwa lisanapendeke. Pa kapepala komwe anatisiyira panalembedwa kuti anamwalira ndi malungo.

Ine ndi Zuze tinkagwira ntchito pa galaja imodzi ku Ginnery Corner, ine wa injini, iye wa magetsi. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho kunabwera mnyamata wina, mwana wa munthu wamkulu m'chipani, ndi galimoto yaifupi ya mipando iwiri. Lamulungu lililonse ankapikisana ndi anzake pamsewu wa Chichiri, ndipo anali ataphulitsa kale injini imodzi chifukwa chochedwa kusintha giya. Anati akakhala pa liwiro alibe nthawi yoyang'ana singano ya pa wotchi yosonyeza liwiro la injini. Ankafuna kanyale koyaka kokha injini ikafika pamalire, komuuza kuti sintha giya tsopano.

Zuze anapanga kabokosi konga ka machesi, kotenga waya kuchokera ku koilo ya injini. Pa nyale ndi pomwe tinatsutsana. Iye ankafuna yachikasu, ya indiketa, ndipo aibise pansi pambali pa chiwongolero. Ine ndinati yachikasu siioneka dzuwa likawala, komanso munthu wothamanga sayang'ana pansi. Ndinadula galasi lofiira la nyale ya mabuleki a njinga yamoto, n'kuboola ndekha pamwamba pa deshibodi, kutsogolo kwenikweni kwa maso. Masana atatu tinayendetsa galimotoyo kudutsa pa bwalo la masewera, ine ndikuponda mafuta, iye akupotoza kasikuluu ka pa kabokosiko, mpaka kanyale kanayamba kuyaka pomwe timafuna. Tsiku limenelo Zuze anandigulira chipisi, n'kuvomera kuti achimwene mwandiposa.

Patapita masabata awiri mnyamatayo anaimitsidwa ndi apolisi pamsewu, tsiku lomwe pamayenera kudutsa akuluakulu a boma. Anaponda mafuta modzionetsera, kanyale kanaphethira. Apolisiwo atafufuza anapeza kabokosi ndi mawaya, nati ndi wailesi yolankhulira ndi zigawenga za kunja. Mnyamatayo anakagona kwawo tsiku lomwelo. Ananena kuti sadziwa kanthu, zonse anaika ndi wamagetsi wochokera kumalire a dziko. Apolisi anabwera ku galaja n'kumukoka miyendo Zuze ali pansi pa lole. Atamufunsa kuti ntchitoyo anagwira ndi ndani, anati yekha. Ine ndinali pa galimoto yoyandikana nayo, ndipo ndinapitiriza kumanga bawuti. Panapita miyezi inayi tisanamvenso za iye.

Kutacha tsiku la maliroli, amayi anayi a kumpingo anasonkha moto patatu kuseri kwa nyumba, monga amachitira pa maliro a munthu wodziwika. Nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkangokwawa pansi. Anaphika nyemba zambiri ndi kabichi. Bambo wa nyumba yoyandikana, yemwe Zuze ankamukonzera wailesi ulere, anapita kuntchito kudzera m'munda wa chimanga chouma, ambulera atatsitsira kumaso. Mwini galaja anatumiza uthenga kuti lole yomwe analonjeza yawonongeka. Loleyo ndinali nditaikonza ine masiku awiri m'mbuyomo.

Cha m'ma eyiti amuna a majekete aja anabweranso. Anakhala pamipando iwiri yomwe tinasungira akuluakulu a mpingo. Wina anaika kope pabondo, ndipo aliyense wofika ankamufunsa dzina, kwawo ndi khadi la chipani. Ndinaona anthu akutsika kamtunda, n'kuima, n'kuwerama ngati akumanga nsapato, kenako n'kubwerera.

Amayi athu anafika cha m'ma teni, atayenda pa sitima kuchokera ku Nsanje mpaka Limbe. Analowa m'nyumba ndi matope kumapazi n'kupempha kuti aone nkhope ya mwana wawo. Wa kope uja anayankha ali pakhomo.

"Nkhope mukuidziwa kale, mayi. Munabereka nokha."

Amayi anagwada n'kuyamba kupapasa chivundikiro, msomali ndi msomali, mpaka kuzungulira bokosi lonse. Atayamba kulira m'Chisena anauzidwa kuti atsitse mawu, chifukwa chigawenga sichiliridwa. Analuma chitenje chawo. Mlamu wanga Malita, mkazi wa Zuze, anakhala kumutu kwa bokosi, wosalira, monga anakhalira kuyambira dzulo lake.

Titatsala pang'ono kunyamuka ndinamva injini kumsewu. Ndinaidziwa isanaoneke, poti ndinaimanga ndi manja anga. Galimoto ija inatsika pang'onopang'ono kunsi kwake kukukhula pa miyala. Mnyamatayo anatuluka atavala tayi yakuda. Amuna a majekete anaimirira, wina n'kumupukutira mpando ndi mpango wake. Anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri, ndipo kwa amayi anagwada n'kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Amayi, posamudziwa, anamuthokoza kuti ndiye mnzake wa Zuze yekhayo amene wakumbukira.

Kenako mnyamatayo anandikodola kuti tipite kumpanda wa bango. Anati galimoto anamubwezera kalekale, koma kabokosi anachotsa, ndipo Lamulungu lapitalo anatsala pang'ono kuphulitsanso injini. Bambo ake anali atalankhula ndi oyenera, nkhani ya wailesi inatha, anthu anangolakwitsa.

"Ndiye ndikufuna kena," anatero. "Koma ulendo uno kachikasu, ndipo mukaike pansi. Kofiira kaja kanali kodzionetsera. Sindidziwa kuti malemuwa ankaganiza chiyani."

Ndinayang'ana amuna aja. Wa kope anali akutiyang'ana, cholembera chili m'mwamba.

"Bwerani Lolemba, bwana," ndinatero.

Nditacheuka ndinaona Malita kuseri kwa mpandawo, ali ndi beseni m'manja. Anali atatuluka kukasamba kumaso.

Tinanyamula bokosi pamapewa anthu asanu ndi mmodzi, popanda wolandirana naye. Kumbuyo kwathu kunali amayi osakwana khumi. Mvula inakula pang'ono ndipo njira inali yoterera. Pa kamlatho, pomwe msewu umachepa, tinamva hutala kumbuyo. Mnyamatayo ankabwerera ku tauni ndipo panalibe podutsa. Tinatsika ndi bokosi mu ngalande, madzi akutifika m'mawondo, mpaka iye anadutsa. Anakweza dzanja pazenera.

Kumanda tinapeza dzenje lokumbidwa theka, okumbawo atachoka. Tinalimaliza tokha ndi makasu omwe anasiya, bokosi lili pa udzu. Abusa sanabwere. Mkulu wa mpingo anawerenga mofulumira ngati wothamangitsidwa, tinaimba ndime imodzi, ndipo nditafuna kunena mbiri ya malemu wa jekete anandionetsa wotchi yake. Amayi anaponya dothi. Malita anakana kuliponya. Anaima chapatali mpaka tinatha kuunda mtumbira.

Titabwerera kunyumba, amuna a majekete anadya bwino ndithu, n'kuyamikira amene anaphika nyemba. Zotsala zinadzaza mapoto awiri, ndipo amayi a kumpingo anasowa wowapatsa. Pomwe imakwana folo onse anali atapita.

Madzulo tinatsala atatu. Mipando tinabweza kwa eni ake, ena analandirira pazenera. Amayi anagona pamphasa pamalo pomwe panali bokosi, osafunda. Malita anakhala pakhomo la kuchipinda. Ine ndinkadziwa kuti kabokosi kaja sindingakapange ndekha. Ine ndine wa injini. Zuze anajambula mawaya ake onse papepala, ndipo pepalalo silinali ku galaja. Ndinadziwanso chomwe chingachitike Lolemba ndikauza mnyamatayo kuti sinditha.

"Alamu," ndinatero, "panali pepala lina la malemu."

Sanafunse kuti liti. Analowa kuchipinda, ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anabwera nalo litapindidwa panayi. Ndinatambasula manja awiri kuti ndilandire, koma iye analiika pansi, pafupi ndi phazi langa.

"Anandiuza kuti ndilibise, chifukwa pali dzina lanu," anatero.

Analowanso kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinatola pepalalo n'kulitambasula pafupi ndi nyale ya parafini. Mmwamba, ndi pensulo, Zuze analemba mayina athu awiri, langa poyamba poti ndine wamkulu. Mvula inali itasiya. Madzi ankangodontha kuchokera pa malata kugwera mu poto wa nyemba amene tinaiwala panja. Ndinasendeza nyale pafupi n'kuyamba kutsatira ndi chala waya wochokera ku koilo.