Lamulo Lachitatu la Mesitiri Leonildo

Ku Moatize kunamveka mbiri yakuti Leonildo wa kamiyau, lole yonyamula madzi, ali ndi dado, lija la maso loponya pa masewera, losemedwa ndi fupa la munthu. Ankati anakalitenga kwa sing'anga wa kumapiri a ku Angónia, ndipo dadolo likakukana pa masewera ake a pa foni, mwezi sutha usanalandire kalata yokuchotsa ntchito kumgodi. Zoseketsa, eti? Komatu amuna awiri a ndevu zawo anachotsedwadi, ndipo mbiri ikakhala ndi mboni ziwiri munthu umaseka ndi mbali imodzi yokha ya kamwa.

Leonildoyu anabadwira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo cha ku Mwanza. Pamene makolo ake ankabwerera ku Zóbuè mtendere utabwera, iye anali kamwana ka mutu waukulu ndi miyendo ya udzudzu. Anzake ankamutcha Ufa wa Chithandizo. Pa mpira ankamuika pagolo, osati poti ankagwira, koma kuti asamapingepinge anzake m'bwalo. Sukulu anaisiyira pa setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri. Ubwana wake wonse palibe anamufunsapo kuti, "Nanga iwe ukuti bwanji?" Mawu amenewo muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Malasha atatchuka, Tete yense anathamangira ku Moatize, naye anathamanga nawo. Analembedwa pa kampani ina yaing'ono yothira madzi m'misewu ya kumgodi kuti fumbi ligone. Tsiku lonse kuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula maliro, kunyowetsa msewu umene dzuwa likuumitsa iwe usanatembenuke. Anakwatira Ivete wa kwawo ku Zóbuè, namera kamimba, nagula nsapato zosongoka.

Masewera aja anawaphunzira kwa munthu wina woyeza nthaka wochokera ku Beira. Amayenda chonchi: aliyense amadziumbira munthu wake wa m'nthano, kumupatsa dzina, chida ndi khalidwe. Mmodzi, wotchedwa mesitiri, ndiye amafotokoza dziko ndi zoopsa zake. Iwe ukati, "Munthu wanga alumpha dzenje ili," dado ndilo limaweruza. Likaonetsa maso asanu ndi limodzi walumpha ngati gwape, likaonetsa diso limodzi wathyoka msana. Wa ku Beira uja atapita, Leonildo anatsegula gurupu pa foni, nadziika yekha umesitiri. Analowa anthu asanu ndi atatu, ena a ku Moatize, ena a ku Benga, ndi mlamu wake Hortênsia, mkulu wake wa Ivete, amene ankagulitsa mbatata ndi kabichi kwa oyendetsa makamiyau pachipata cha Zóbuè. Ankasewera Lamulungu lililonse masana, potumizirana mawu ojambula. Dziko lake linali la pansi pa malasha, lokhala ndi mfumu yakhungu ndi mitsinje ya phula, ndipo tisamuname, munthuyu nthano ankaitha. Ukamamvera unkamva kutentha kumapazi.

Kumeneko ndiye koyamba anthu kudikira kuti Leonildo atsegule pakamwa. Zinamukoma ngati uchi wa m'mphako, nalowetsa mkono mpaka m'khwapa.

Anayamba kuika malamulo. Ankawawerenga masewera asanayambe, ndi mawu onenepa, monga momwe akapitawo a kumgodi amawerengera zachitetezo m'mawa. Loyamba: mesitiri akalankhula, nkhani yatha. Lachiwiri linabwera chifukwa cha Elísio, makaniko wa ku Benga. Poyamba aliyense ankaponya dado kwawo n'kutumiza chithunzi, koma Elísio anatumiza maso asanu ndi limodzi masabata atatu otsatizana, ndipo pa zithunzi zonsezo nkhuku yomweyo inali itakweza mwendo womwewo. Kuyambira pamenepo woponya dado anakhala mesitiri yekha. Munkangomva m'foni kachitini kakulira, khocho khocho khocho, kenako mawu ake akutchula maso.

Lachitatu ndilo linali ndi mano. Woitanidwa katatu osayankha, munthu wake wafa. Wakufa sadzuka. Ndipo mwini wake satuluka m'gurupu ayi, amakhala momwemo kumvera anzake akusewera, osaloledwa kunena kanthu.

"Akufa amamvera, salankhula," anatero Leonildo. "Kaya ndi mvula, kaya ndi maliro, kaya foni yagwera m'chitsime. Aliyense, ngakhale ine amene."

Woyamba kufa anali munthu wa Elísio, mbala ya miyendo itatu, tsiku limene Elísio anagonera pansi pa kamiyau akuikonza. Mwezi womwewo Elísio analandira kalata. Wachiwiri anali Anselmo, mlonda. Iyeyu sanaphonye tsiku, koma anatsutsa mesitiri pa nkhani ya mlatho, ndipo chitini chinalira n'kutulutsa diso limodzi katatu kondondoza. Naye kalata inamupeza. Mbiri ya fupa inabadwira pamenepo, ndipo Leonildo ataimva sanaikane. Munthu akamufunsa ankangosisita thumba la malaya n'kuyang'ana kumapiri. Anthu amene kale sankamuona n'komwe anayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Dona Cecília, wophika kukhitchini ya kumgodi, amenenso ankasewera nawo, ankamuikira nyama ziwiri m'mbale.

Hortênsia yekha ndiye sankamuopa. Chilamu chimalola kutukwanizana, ndiye iye ankamutcha Mesitiri Wothirira Fumbi pamaso pa gurupu yonse. Munthu wake anali Nachisale, mkazi wosula nkhwangwa, ndipo anamulera zaka zitatu. Ankamuganizira ali pa mulu wa mbatata, kuti Lamulungu likubwerali Nachisale adzanena chiyani kwa mfumu yakhungu. Mkazi wamasiye wa ana anayi, wotukwanidwa ndi madalaivala kuyambira Lolemba, anali ndi malo amodzi pamene iye ndiye ankanyamula nkhwangwa.

Lamulungu lina mwana wake wamng'ono anadwala kwambiri, namuthamangitsira kuchipatala kutsidya, ku Mwanza, kumene foni ya ku Mozambique sigwira. Leonildo anadziwa, Ivete anamuuza. Anaitana katatu mosafulumira, akumwetulira.

Lolemba Hortênsia anatumiza mawu.

"Alamu, mwana anamuika madzi m'mitsempha. Mukudziwa inu. Ndikhululukireni kamodzi kokha."

"Muno mulibe alamu. Muno muli Mesitiri."

"Mesitiri, ndagwira mwendo wanu."

"Poti mwalira pagulu, dado liweruze. Maso asanu ndi limodzi, Nachisale wapulumuka."

Khocho khocho khocho.

"Diso limodzi."

Akanangoti wafa, zikanatha. Koma iye anafotokoza imfayo kwa mphindi khumi. Nachisale anaterereka n'kugwera m'chimbudzi cha asilikali a mfumu yakhungu, mutu pansi, ndipo anamira akuitana amake. Nkhwangwa yake asilikaliwo anaisinthanitsa ndi nkhuku yachitopa. Otsalawo anaseka, poti aliyense anali ndi ntchito yoti aiteteze. Hortênsia anasunga lamulo. Anakhala m'gurupu chaka chathunthu ali duu, ndipo anthu a mbiri ankati dado lamulephera kokha chifukwa analibe bwana woti amulembere kalata.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Kontaratu ya kampani yothira madzi, pangano lake ndi mgodi, inatha, ndipo Leonildo analandira kalata yake pamodzi ndi anzake makumi anayi. Nyumba ya ku Moatize anaisiya, nsapato zosongoka anagulitsa, nakwera basi ndi Ivete kubwerera ku Zóbuè. Makolo ake anali atamwalira, munda abale atagawana. Kotsala kunali kwa apongozi ake, Dona Laurentina, pa bwalo lomwelo limene Hortênsia ankasankhirapo mbatata. Mesitiri wa dziko la pansi anasanduka mkamwini, wotuma madzi ndi wokonza khola.

Chimene chinamutsalira ndi gurupu basi. Masiku asanu ndi limodzi anali "bambo a kwa Ivete", wodya zosalima. Lamulungu masana ankakhalanso munthu. Vuto n'lakuti pa Zóbuè foni ili ngati mkazi wa amuna awiri, ukasuntha phazi yakulonjera kuti takulandirani ku Malawi. Pakhomo ponsepo inkagwira bwino pa chulu chimodzi kuseri kwa khola la mbuzi. Leonildo ankakwera pamenepo ndi foni ndi kachitini kake kokutidwa ndi mpango, n'kumapha ndi kupulumutsa anthu, mbuzi zikumuyang'ana. Hortênsia naye ankamuyang'ana ali pa mbatata zake. Masabata anayi anayang'ana dzanja lija likugwedeza chitini, ndi maso aja osasuzumiramo n'komwe.

Lamulungu lachisanu, dzuwa litangopendeka, Ivete anabwera ndi uthenga, poti mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso.

"Amayi akuti mbuzi zaboola mpanda wa kudimba. Mukatseke."

"Mawa. Lero ndili ndi anthu."

Dona Laurentina anali pakhonde. Sanamuyang'ane. Analankhula ndi nkhuku imene inkadutsa.

"Iwe nkhuku, kodi Lamulungu anthu sadya? Ine ndimaona mbale ikubwerako yoyera Lamulungu lomwe."

Mkamwini asamakule mwendo. Leonildo anabisa chitini pansi pa mphasa, natenga chikwanje ndi foni, natsetsereka kudimba, kuchigwa kumene kulibe foni ya dziko lililonse. Anadziuza kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Atafika anapeza mpanda wagwa mbali yonse, ndipo luzi lake linali lodulidwa bwinobwino. Mbuzi za ku Zóbuè n'zochenjera, koma mpeni sizinayambe kuyenda nawo. Anaima pamenepo thukuta lili kamukamu. Kubwerera osatseka sakanatha, kabichi wa apongozi akanatha. Anamanga ngati wamisala, minga ikumung'amba manja, kenako anathamanga chitunda chonse lilime lili panja.

Atakwera pa chulu foni inanjenjemera ngati yagwidwa ndi malungo. Mawu atatu a Dona Cecília anali atafola.

"Mesitiri, tasonkhana, tikudikira inu."

"Mesitiri, kachiwiri."

"Kachitatu, Leonildo."

Anajambula mawu akupuma mwabefu. "Lamulo limenelo ndi la osewera. Mesitiri safa."

Cecília sanatsutse. Anangotumizanso mawu akale a Leonildo yemwe, onenepa aja: aliyense, ngakhale ine amene.

Apa munthu wanzeru akanaseka n'kupepesa. Iye anatsitsa mawu.

"Dona Cecília, mukadali kukhitchini ya kumgodi, eti? Ana anu aja akadali pasukulu? Ndipite ndikaponye dado pa dzina lanu?"

Gurupu inazizira.  Leonildo anakhala pa chulu paja akumva mtima ukubwerera m'malo mwake, nayamba kuganiza imfa imene ampatse Cecília.

Ndiye panalowa kanema wochokera kwa Hortênsia. Munalibe mawu ngakhale amodzi, poti akufa salankhula, ndipo mayiyu lamulo analisunga mpaka kumapeto. Munkaoneka dzanja lake lokhala ndi dothi la mbatata likuchotsa mpango pa kachitini ka nsomba. Linagwedeza. Khocho khocho khocho, kulira komwe kuja aliyense ankakumva kutulo. Kenako linakhuthulira pa lichero, n'kutembenuza chogwacho mbali zonse, pang'onopang'ono, kuti ngakhale wa maso ofooka aone. M'munsi mwa chithunzicho munkaoneka zala za kumapazi za wogwira foni, ndi mpendero wa chitenje chimene Leonildo anagulira Ivete ndi malipiro ake oyamba.

Akufa onse anadzuka tsiku limenelo. Elísio anajambula mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo mawu oti tingawalembe pano ndi "iwe" yekha. Anselmo ankangoseka mpaka kutsokomola. Umesitiri anaupereka kwa Cecília, amene anagula dado lapulasitiki pamsika n'kumaliponya pa kanema aliyense akuona. Anagamula kuti onse ophedwa ndi chitini abwerere, ndipo Nachisale anatuluka m'chimbudzi muja nkhwangwa ili m'manja. Lamulo lachitatu analifafaniza, kupatula kwa munthu mmodzi. Popeza Leonildo analibe munthu wake woti afe, anamuumbira: wothirira fumbi m'misewu ya mfumu yakhungu, amene anapondedwa ndi ngolo yake yomwe ikuyenda pang'onopang'ono. Imfayo anaifotokoza Hortênsia, ndipo anaonetsetsa kuti yakwana mphindi khumi.

Mukuganiza kuti anatuluka m'gurupu? Apite kuti? Mpaka lero Lamulungu masana amakwera pa chulu, foni pakhutu, kumvera anthu akuyenda m'dziko limene analiumba yekha. Cecília nthano saitha, mitsinje ya phula anaiiwala, mfumu yakhungu masiku ano imaona. Leonildo milomo imagwedera, chala chimafika pa batani n'kubwerera. Palibe amamufunsa kuti nanga iwe ukuti bwanji. M'mawa Hortênsia akamadutsa ndi dengu pamutu amamugwadira pang'ono mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, malemu alamu?"

Za fupa zija zinali zabodza. Kunalibe sing'anga, kunalibe fupa, ndipo dado lenileni linamutayika mwezi woyamba womwe, osagulanso lina. M'chitini munali kamwala ka mumsewu wa kumgodi, kopanda diso ngakhale limodzi, ndipo maso ankatchula a m'mutu mwake. Elísio ndi Anselmo anachotsedwa chifukwa makontaratu awo anatha, monga inathera yake.