Nyimbo ya Amayi pa Gitala ya Ba Kombe

Mphepo ikachokera ku mafakitale, mu Nangongwe monse munkanunkha feteleza, fungo loluma m'mphuno ngati mkodzo wogonera. Okutobala wa chaka chimene ndinali mu Giledi 4, fungolo linasakanikirana ndi lina m'nyumba mwathu, la masokosi a Ba Kombe.

Ba Kombe anali woyimba. Mawu awo ndinawadziwa ndisanawaone, chifukwa nyimbo zawo ziwiri zinkalira pa wailesi ya atate Loweruka masana. Ndinaziloweza zonse, mpaka pamene ankapumira mpweya, ndipo ndinkauza anzanga kuti ndikakula ndidzayimba ngati iwo. Tsono atate atabwera nawo poweruka ku ntchito, nanena kuti akhala nafe mpaka tsiku lokondwerera ufulu pamene adzayimbe pa bwalo la mpira, ndinalephera kudya ndi chimwemwe.

Iwo anali Mbemba, ife a ku Chipata, ndiye kuti anali mbuya wathu. Pa chimbuya, Mbemba atha kukunyoza ndi kukulanda nyama m'mbale, iwe n'kumangoseka, chifukwa wokwiyira mbuya ndiye amachita manyazi. Ba Kombe ankaudziwa bwino mwambowu. Ankanyoza amayi powatcha "ba kudya mbeba", kutanthauza odya mbewa. Malovu ankalavulira kuseri kwa chitseko. Anali ndi chikhadabo chachitali chachikasu choyimbira gitala, ndipo chomwecho ankatokosera m'khutu, kuchotsera minga ya nsomba za ku Chanyanya m'mano, kenaka n'kuchiviika m'ndiwo za tonse. Amayi ankangoyang'ana kukhoma. Ine Tisa, ndinene zoona, ndinayamba kusunga chikhadabo changa.

Amayi anali ndi nyimbo yawo imodzi. Ankaiyimba chapansipansi pochapa kuseri kwa nyumba, osati kwina. Anaipeka okha mlongo wanga Masauso atamwalira ndi chikuku chaka chapitacho, asanayambe n'kuyenda komwe. Nyimboyo inkafunsa mwanayo kuti kumene wapitako akumubereka ndani. Ine ndinkangoimva kukoma.

Tsiku lina masana ndinapeza Ba Kombe pansi pa mtengo wa mango akumanga nsambo ya gitala. Ndinafuna adziwe kuti nanenso ndimatha, ndipo ndinawayimbira nyimbo ya amayi. Anasiya nsamboyo.

"Bwezanso, mwaice," anatero, kunditchula kamwana m'Chibemba chawo.

Ndinabweza katatu, mtima uli m'mwamba.

Tsiku la ufulu dzuwa linali loswa mutu. Ana a sukulu tinaima m'fumbi ndi timbendera tapepala, makolo ali kumbuyo kwathu. Ba Kombe anayimba nyimbo zawo za pa wailesi, kenaka anayamba ina imene ndinaizindikira pomwepo. Inali ya amayi, koma yothamanga, yovinira. Mawu anawasintha. Tsopano anali kamwana ka mbewa kakulira kuti kaberekedwa ndi ndani, popeza a ku Chipata awotcha amake. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Azibambo ovala maovolosi anavina mpaka fumbi linakwera, ndipo Ba Kombe analoza makolo anga ndi chikhadabo chija, nafuula kuti, "Ba mbuya banga aba!"

Atate anaseka, monga mmene mwamuna ayenera kusekera mbuya wake pagulu. Amayi anaonetsa mano. Pambali pawo panali amake Jelita, aneba athu amene anasambitsa mtembo wa Masauso, ndipo iwowo anangoweramitsa mutu.

Titafika kunyumba amayi anatenga mbale imene Ba Kombe ankadyera, naikwecha ndi mchenga nthawi yaitali, kenaka anakaiika m'khola la nkhuku.

"Anaimva kuti?" anafunsa osatembenuka.

"Ndine ndinawayimbira, amayi."

Atate anati, "Ni mbuya, amake Tisa. Tingacite bwanji?"

Amayi anangondipatsa ndowa kuti ndikatunge madzi. Ba Kombe anakwera sitima m'mawa mwake, koma nyimbo inatsala. Mvula yonse ya chaka chimenecho oledzera ankadutsa nayo pakhomo pathu, ana ankalumphira nayo chingwe. Kuseri kwa nyumba kunkangomveka madzi ndi kumenya kwa zovala pamwala.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti amayi akwiya chifukwa Ba Kombe sanatchule dzina lawo pa bwalo, ndipo ndinkaona ngati akukulitsa nkhani. Tsopano ndili ndi ana awiri. Chaka chatha wamng'ono anadwala chikuku, ndipo ndinakhala naye m'chipatala sabata yathunthu mpaka anachira. Tsiku lina thupi lake litatentha kwambiri, ndinamubereka n'kuyesa kumuyimbira nyimbo ya agogo ake, pang'onopang'ono, monga mwini wake ankaiyimbira. Ndinayesayesa, koma mawu amene ankabwera m'kamwa mwanga anali a mbewa okhaokha.