Chomene ndi Muonjezi

Fungo la mtedza wokazinga pamsika wa Mzimba landipsetsanso mtima lero.

Ndili sitandade 5 kufupi ndi Manyamula, tonse tinkadana ndi galamala ya Chichewa, poti kwathu timayankhula Chitumbuka. Aphunzitsi athu, mayi ochokera ku Dedza, anapeza nzeru. Ankaponya mpira wansanza n'kufuula "Dzina!" kapena "Mneni!" Wowakha akatchula mawu oyenera, ankalandira njere zitatu za mtedza. Ngakhale ojomba anayamba kubwera.

Tsiku lina kunafika bambo woyendera masukulu, baji yachipani ili pachifuwa. Mpira unagwera m'manja mwanga.

"Muonjezi!" anafuula aphunzitsi.

"Chomene!" ndinayankha.

Bamboyo anadzambatuka. "Chiyankhulo chanji chimenecho m'kalasi? Kagwade panja!"

"Bwana, mwanayu wakhoza," anatero aphunzitsi motsitsa mawu. "Chomene ndiye kuti kwambiri. Ndi muonjezi ndithu."

"Mayi, ntchito yakukwanani?"

Ndinagwada pamiyala yotentha, misozi ili chuchuchu. Pazenera ndinkamuona bamboyo akulemba lipoti ndi dzanja lamanja, lamanzere likutapa mtedza wathu m'mbale. Ankatafuna chomene.